Mphete Imene Inanditseka Pakamwa

1

Ntchito yanga ndi kusoka madiresi aukwati. Ndasoka ambiri moti mtsikana akangolowa pakhomo la shopu, ndimadziwa kukula kwa chiuno chake ndisanagwire tepi. Koma diresi langa ndinalisoka mothamanga, ndipo msoko wakumsana unakhota. Palibe amene anaona. Ndikufuna ndikuuzeni chimene ndinkathamangira, chifukwa nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali ndipo kunyumba ndilibe woti ndimuuze.

Ndinali pachibwenzi ndi mwamuna wina wa bizinesi yobwereketsa magalimoto. Anali wooneka bwino, wonunkhira, wodziwa kuseketsa anthu. Vuto lake linali limodzi: nkhani ya ukwati. Ndikangoiyamba, ankandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tikambirana mawa, wokondedwa." Mkulu wanga, amene pakamwa pake sipatsekeka, anamupatsa dzina lakuti Bambo Mawa, ndipo dzinalo linamukanirira.

"Bambo Mawa adzuka bwanji?" ankandifunsa akabwera kushopu. "Mng'ono wanga, udzasokera madiresi mpaka adzukulu a makasitomala ako, iwe uli dikiredikire."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, achemwali."

"Nkhono imeneyo ilibe maso. Ine ndaiyang'ana bwinobwino."

Ndinkaseka, koma iye akachoka ndinkatsala ndi zidole zanga zoyeserapo madiresi, zopanda mitu, zitaima ndii m'mbali mwa khoma. Anzanga onse anali atakwatiwa, ena ana awo atayamba sukulu. Ndisakunamizeni: ndinkafuna banja. Ndinkalifuna moti pena ndinkachita manyazi ndekha.

2

Lamlungu lina masana tinkachokera kwa anzake a Bambo Mawa, kumene iye anamwa mopitirira muyezo. Ndinamupempha kuti aitane mmodzi wa madalaivala ake.

"Galimoto imeneyi imandidziwa," anatero akuseka. "Kwera."

Anadzera msewu wa kumafakitale, umene Lamlungu umakhala zii. Kutsogolo kwathu kunali bambo wina panjinga, atamangirira kreti ya buledi kumbuyo. Foni ya Bambo Mawa inalira, iye n'kuwerama kuti aitole. Ndinakuwa. Phokoso lake silinali lalikulu n'komwe. Ndinangoona buledi ali mbwee pamsewu ponse.

"Imani! Mwagunda munthu!"

"Khala chete!"

"Chipatala chili pafupi pompa, imani chonde!"

"Ndati khala chete! Ukufuna ndikafere kundende?"

Anawonjezera liwiro. Ine ndinacheuka. Chimene ndinaona kumbuyoko ndikuuzani nthawi yake ikakwana, pakuti chimenecho ndiye katundu amene ndakhala ndikumusenza ndekha.

Bambo uja anamwalira. Amene anapeza mtembo anali mlonda wa pafakitale ina. Mlondayo anali ataona galimoto ikudutsa pageti pake ngati mphepo, nyali imodzi itasweka, dzina la kampani lili pachitseko. Woyendetsa sanamuone bwino. Anangoona mkazi wa mpango wachikasu atakhala kumbali yake.

Apolisi sanavutike kundipeza. Anabwera kushopu ndili pamakina, mpango womwewo uli pamsomali. Ndisanafike n'kupolisi komwe, ndinali nditanena kale amene ankayendetsa. Ndinanena ndikulira, iwo akulemba, ndipo madzulo a tsiku lomwelo Bambo Mawa anali m'chitokosi.

3

Atatuluka pabelo ndinkayembekezera kuti abwera kudzanditukwana. Masiku anadutsa osamva kalikonse. Kenako tsiku lina m'mawa ndinangoona wafika pakhomo la shopu, atawonda, maso ali gwaa pansi.

"Pepani," ndinatero. "Ndinachita mantha."

"Unanena zoona. Ndingakuimbe mlandu wanji?" Anakhala pakampando kamene amakhalapo amayi a akwati. "M'chitokosi muja ndinaganiza zambiri. Anzanga onse a mowa anathawa. Amene ndinkamulota ndiwe wekha. Ndakuchedwetsa mokwanira."

Anatulutsa mphete m'thumba la malaya.

Abale, ndinalira. Munthu amene ndinamupereka kwa apolisi ndi pakamwa panga, lero wandikhululukira n'kundipatsa chimene ndinkachipempha zaka zonsezi! Ndinati mavuto amuphunzitsa chikondi.

"Koma tichite msanga," anatero. "Zaphwando tidzapanga mlandu ukatha. Panopa tingopita kuofesi ya boma tikasaine. Ngati ndikupita kundende, ndipite ndikudziwa kuti ndasiya mkazi wanga."

Mkulu wanga atamva anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo Mawa asanduka Bambo Lero? Chawathamangitsa n'chiyani?"

"Achemwali, mukangoona chabwino pa ine mumafuna mupezepo chilema."

"Chikomekome cha mkuyu, mng'ono wanga."

Ndinamuuza kuti ngati ali ndi nsanje asabwere. Sanabweredi, ndipo kuyambira pamenepo tinasiya kuyenderana.

Ukwati wathu unachitikira m'kachipinda kokhala ndi tebulo limodzi ndi maluwa apulasitiki ofumbira. Kunja kunali mzere wa anthu odzalembetsa ana obadwa kumene. Mboni zinali apongozi anga aakazi ndi loya wa mwamuna wanga, bambo wonenepa wansangala amene ankangopukuta thukuta padazi. Iyeyo ndi amene anatenga setifiketi yathu n'kuiika m'chikwama chake. "Ndikusungireni," anatero, "akwati amataya zinthu."

4

Kukhoti ndinali ndisanalowemo chibadwire. Ndinkaganiza kuti ndi malo oopsa, koma ndinapeza mabenchi olimba, fani yolira ngati makina akale osokera, ndi mafailo omangidwa ndi zingwe. Pabenchi yakumbuyo pankakhala mayi wina wovala yunifolomu yabuluu ya kumalo ochapira zovala. Sankabwera ndi munthu. Ankakhala manja ali pamiyendo, osalankhula, ndipo mlandu ukaimitsidwa ankanyamuka kubwerera kuntchito. Ndinamva anthu akunong'onezana kuti ndi mkazi wa malemu wa buledi uja.

Loya anamenya nkhondo yake mwaluso. Galimotoyo inali ya kampani, ndipo makiyi ankagwira madalaivala ambiri. Mlonda uja atafunsidwa ngati angalumbire kuti anaona nkhope ya woyendetsa, anavomera kuti sanaione. Mboni yotsala ndinali ine.

M'mawa wa tsiku langa, loya anandikokera pakona ya khonde.

"Mayi, musade nkhawa. Akakufunsani ngati mukufuna kupereka umboni, mungoti simukufuna. Basi. Lamulo lili kumbali yanu."

Dzina langa litaitanidwa, ndinalowa m'kabokosi koimamo mboni. Ndisanakweze dzanja kuti ndilumbire, loya anaimirira, setifiketi ija ili m'manja.

"Wolemekezeka, mboni iyi ndi mkazi wa woimbidwa mlandu."

Woimira boma pamlanduwo anali mayi wamtali wa maso otopa. Anadzuka ngati wakhalira singano.

"Wolemekezeka, ukwati umenewu wachitika mlandu uli kale m'khoti muno! Inki yake siinaume n'komwe!"

Mawu amenewo anandipweteka. Ndinati mumtima, mayi uyu akunyoza banja langa.

Woweruza anawerenga setifiketiyo modekha, kenako anavula magalasi.

"Lamulo silifunsa kuti ukwati uli ndi zaka zingati," anatero. Anatembenukira kwa ine. "Mayi, mvetserani. Lamulo limati mkazi sangakakamizidwe kupereka umboni wotsutsa mwamuna wake. Zimene munanena kupolisi sizikhala umboni pokhapokha mutazinena muno mutalumbira. Mukafuna kulankhula, khoti likumverani. Mukapanda kufuna, palibe angakukakamizeni. Mukuti bwanji?"

Ndinayang'ana mwamuna wanga. Anandimwetulira pang'ono. Ndinayang'ana kumbuyo, mayi wa yunifolomu uja atawerama kutsogolo ngati munthu wofuna kumva bwino. Mphete inali kuchala, yatsopano, ikundithinabe.

"Sindikufuna, wolemekezeka."

Mlandu unathera pomwepo. Woweruza anati boma lalephera kutsimikiza amene ankayendetsa galimoto, choncho woimbidwa mlandu ndi womasuka. Apongozi anga anafuula kuthokoza Mulungu. Tikutuluka, ndinamva mayi uja akufunsa kalaliki wa khoti.

"Ndiye kuti watha?"

"Watha, mayi."

"Nanga mwamuna wanga anamupha ndani?"

Kalaliki anangopitiriza kumanga failo ndi chingwe.

5

Phwando la ukwati limene analonjeza silinachitike. Ndikafunsa, yankho linali lakale lija: mawa. Nyumba yake inali yaikulu, ya matailosi ozizira, ndipo ine ndinkayendamo ndikumva mapazi anga. Ndinkaika mbale ziwiri patebulo, imodzi n'kuibweza yoyera. Akabwera, ankadutsa kupita kuchipinda china, ati akuopa kundidzutsa. Sanandimenyepo, sananditukwanepo. Ankangondilemekeza ngati mlendo amene wakhalitsa.

Ndinkadziuza kuti ngozi ija ikumuvutitsa maganizo. Ndinkafuna titakambirana za tsiku lija, chifukwa padziko lonse anthu amene ankalidziwa tinali awiri. Koma ndikangoti, "Kodi inu mumamuganizirako bambo uja?" ankanyamula makiyi n'kutuluka. Kangapo ndinatenga foni kuti ndiimbire mkulu wanga, n'kuiikanso pansi. Ndikanayamba bwanji?

Choonadi chinandipeza kushopu, masana dzuwa likuswa mtengo. Loya uja anabwera ndi mwana wake wamkazi amene ankakonzekera ukwati.

"Ndamuuza kuti telala ndi mmodzi yekha m'tauni muno!" anatero akudzigwetsa pakampando kaja.

Mtsikanayo anavala diresi loyesera n'kuima pakabokosi. Ine ndinagwada pansi kupinda mpendero, mapini ali pakamwa monga mwa ntchito yathu. Loya anali m'chisangalalo, nkhani zikungotuluka.

"Mwanawe, ukuwaona mayi awa? Pamilandu yonse imene ndawina, wa amuna awo ndi umene ndimaunyadira. Mnyamata uja anabwera kuofesi kwanga akunjenjemera. Ndinamuuza kuti, achimwene, zitseko zilipo ziwiri: cha ndende ndi cha ukwati. Sankhani chimodzi. Mukudziwa anati chiyani? Anati, bwana, mundipatse nthawi ndiganize!" Anaseka mpaka kutsokomola. "Kuganiza! Mpaka ndinachita kumuperekeza kokagula mphete, kuopa angathawe panjira."

Pini imodzi inandibaya mlomo. Ndinamva kukoma kwa magazi, koma sindinalavule.

Loya anasiya kuseka. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mwana wake.

"Kodi... ine ndinkayesa munapangana. Mayi, simunkadziwa?"

Ndinachotsa mapini pakamwa imodziimodzi n'kuwabaya pakatsamiro.

"Tembenukani pang'ono, chemwali," ndinauza mtsikanayo. "Kumbuyoku kwatalika."

Ndinamaliza mpendero wonse. Unali wowongoka bwino.

6

Mwamuna wanga ndinamupeza kuntchito kwake, ataima pakati pa magalimoto ake otsukidwa.

"Ndi zoona zimene wanena loya?"

Sanafunse kuti zotani. Anangopuma mwamphamvu.

"Nanga unkafuna ndichite chiyani? Iwe unkafuna ukwati, ine ndinkafuna ufulu. Aliyense anapeza chake. Ukusowa chiyani m'nyumba muja?"

"Munandikondapo?"

"Tikambirana mawa. Pano ndi pantchito."

Kuchokera pamenepo ndinalunjika kuofesi ya mayi woimira boma uja. Ndinadikira pabenchi mpaka anandiitana. Anandizindikira ndisanadzitchule.

"Ndabwera kudzapereka umboni," ndinatero. "Ankayendetsa ndi mwamuna wanga. Anali ataledzera. Ndilumbira kulikonse kumene mungafune."

Anandiyang'ana mopanda mkwiyo, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa akanandikalipira.

"Mwachedwa, mayi. Munthu khoti likamupeza wosalakwa, sazengedwanso mlandu womwewo kachiwiri. Ngakhale atakwera padenga la khoti n'kulengeza yekha kuti ndi iye."

"Koma paja amati mlandu suola."

"Kunjaku suola. Muno umatha." Anakankhira failo ina pambali. "Lamulo limeneli si loipa. Popanda ilo, boma bwenzi likumangokokera munthu kukhoti mpaka litapeza chigamulo chimene likufuna. Linanso lija analiika kuti tisamaphwasule mabanja pokakamiza mkazi kumangitsa mwamuna wake. Onsewa ndi malamulo abwino. Kungoti tsiku lija khoti linakufunsani, inu munayankha."

Ndinatuluka. Mumsewu anthu ankayenda ndi zawo, minibasi zikuitanira. Ndinaima pamenepo ndi umboni wanga m'kamwa, wopanda koupereka.

7

Malo ochapira zovala aja sanali ovuta kuwapeza. Munali nthunzi ndi fungo la sopo. Mayi uja anali kumbuyo, akusita malaya oyera a anthu ena. Atandiona anaimika simbi.

"Ndakudziwani. Ndinu amene simunafune."

"Ndine."

"Mwabwera ndi zochapa?"

"Ndabwera ndi zimene ndinayenera kunena m'khoti."

Sanandipatse mpando. Ndinaima pakati pa madengu a zovala n'kunena zonse: mowa, foni, kona, buledi. Ndinatchula amene ankayendetsa. Iye ankangomvetsera, maso ali pamalaya.

"Zimenezo ndinkazidziwa," anatero. "Khoti lonse linkadziwa, ngakhale woweruza. Chimene sindikudziwa n'chimodzi. Apolisi anandiuza kuti anafera pomwepo, sanamve ululu. Mawu amenewo ndi amene amandigonetsa tulo. Inu munalipo. Ndi zoona?"

Apa ndiye pamene ndinakulonjezani, owerenga. Kunama kunali kosavuta. Ndikanangoti inde, iye n'kupitiriza kugona tulo. Koma ndinali nditakhala chete kamodzi, ndipo ndinaona kumene kunandifikitsa.

"Si zoona, mayi. Nditacheuka, anali moyo. Anadzuka pang'ono n'kutsamira chigongono. Anakweza dzanja kutiimitsa, ngati mmene munthu amaimitsira basi. Ankaganiza kuti tibwerera. Chipatala chinali pafupi. Foni ndinali nayo m'chikwama. Nditafika kunyumba sindinaimbire aliyense. Izi sindinawauze ngakhale apolisi."

Mayiyo anagwira m'mphepete mwa tebulo. Sanalire. Anakhala choncho mpaka mnzake wa pantchito anasuzumira n'kubwerera.

"Dzanja liti?" anafunsa.

"Lamanja."

"Linali ndi chipsera cha uvuni. Anali munthu wokhulupirira anthu. Ndithu ankadikira."

"Ndikhululukireni, mayi."

"Mwatula katundu wanu, mwandisenzetsa ine. Chabwino, ndi wa mwamuna wanga, ndimusenza. Bola ndadziwa mmene anapitira." Anandiyang'ana kuchala. "Mphete ija ili kuti?"

Ndinamuuza za loya, za zitseko ziwiri, za nyumba yozizira. Mwina ndinkayembekezera kuti andimvera chisoni, poti tonse anatilakwira ndi munthu mmodzi. Iye anangogwedeza mutu pang'onopang'ono n'kutenganso simbi yake.

"Ndikufunseni chimodzi, mupite. Akanakhala kuti amuna anuwo amakukondani, mukanabwera kuno?"

Iye anayala malaya ena n'kuyamba kusita kolala.

8

Owerenga anzanga, panopa ndimakhala m'kachipinda ka kuseri kwa shopu. Banja lija linatha mwakachetechete, ndipo mapepala ake anakonza ndi loya yemwe uja. Bambo Mawa akuyendetsabe magalimoto ake, ndipo m'mabuku a khoti ndi munthu wosalakwa. Mkulu wanga anabwera tsiku lina ndi nsalu yoti ndimusokere. Sananene kuti ndinakuuza. Anangokhala pakampando kaja mpaka ndinatseka shopu.

Ndinkafuna nditadana ndi lamulo, koma ndalephera. Woweruza sanadye chiphuphu, loya sananame, palibe chidindo chimene chinabedwa. Zonse zinayenda mwadongosolo, ndipo munthu anafa ngati wagundidwa ndi mphepo. Lamulo linachita mbali yake: linandiimika m'kabokosi, linandiuza kuti ndili ndi ufulu wolankhula kapena kukhala chete, kenako linadikira. Chilungamo chonse cha mayi uja chinali palilime langa, ine n'kuchimeza kuti ndisataye mphete.

Inu amene mudzaitanidwe kukaima m'kabokosi kaja, kaya wolakwayo ndi mwamuna wanu, mwana wanu kapena bwana wanu, dziwani kuti khoti limafunsa kamodzi. Mukadzafuna kulankhula pambuyo pake, mudzapeza anthu akumanga mafailo.

Funso la mayi uja ndimakhala nalo tsiku lililonse ndikamapinda mipendero ya akwati. Tsiku lija sindinamuyankhe, koma yankho ndinkalidziwa, ndipo iyenso ankalidziwa. Mwamuna uja akanangondikonda pang'ono, akanangobwera kudzadya nane patebulo lija, sindikanapita.